Pasipoti Ipite Nanu Kumtunda Kapena Itsale M'sitima?

Sitima zikuluzikulu zonyamula anthu okaona malo zimakonda kuyenda usiku, m'mawa n'kuima padoko lina. Anthu amatsika, amakayenda mumzinda, madzulo n'kubwerera kudzagona m'sitima momwemo. Ndiye m'mawa uliwonse wotere pamabuka funso limene anthu samvana: kodi pasipoti ndiitenge, kapena ndiisiye m'chipinda? Ena amati pasipoti isamachoke pathupi ngakhale pang'ono. Ena amati kutuluka nayo n'kuipereka dala kwa akuba. Onse ali ndi mfundo, koma ine ndimaona kuti cholakwika chawo n'kufuna lamulo limodzi loti ligwire ntchito pamadoko onse. Lamulo lotero kulibe. Yankho limasintha malinga ndi dziko, ulendo wa tsikulo, komanso kumene sitima ikupita ikachoka pamenepo. Ndipo yankholo muzilipeza usiku woti mawa mutsika, osati muli kale pamzere wotulukira anzanu akukukankhani kumbuyo.

Choyamba: konzani zikalata musanachoke kunyumba

Tsegulani pasipoti yanu muone tsiku limene idzathe ntchito. Makampani ambiri a sitimazi amafuna kuti pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuchokera tsiku limene ulendo udzathe. Mayiko 29 a m'chigawo cha Schengen ku Ulaya, amene amalola anthu kuyenda pakati pawo ngati m'dziko limodzi, ali ndi lamulo lawolawo: pasipoti ikhale ndi miyezi 3 yotsala kuchokera tsiku limene mudzatuluke m'chigawocho, komanso ikhale yoti inaperekedwa m'zaka 10 zapitazi. Onaninso ngati masamba opanda chidindo alipo okwanira.

Kenako tengani ndandanda ya madoko onse, mufufuze dziko lililonse palokha ngati pasipoti ya dziko lanu ikufunika viza kumeneko. Musadzinamize kuti doko lakutilakuti simudzatsika ndiye viza yake njosafunika. Sitima ikaima padoko ndiye kuti mwalowa m'dziko la eni, ndipo kawirikawiri kampani imakana kukweza munthu amene alibe viza ya dziko limene sitimayo idzaimeko, kaya adzatsika kaya ayi. Munthu amabwezedwa tsiku lokwera, zikwama zili m'manja, ndalama za ulendo zitapita.

Pa nkhani ya viza pali msampha wina umene umakola anthu osamala omwe. Tiyerekeze kuti sitima inyamuka ku Piraeus m'dziko la Greece, ikaima ku Kuşadası m'dziko la Turkey, kenako n'kubwerera ku Santorini, komwe ndi ku Greece komweko. Popeza Greece ili m'chigawo cha Schengen pamene Turkey ili kunja, mwatuluka m'chigawocho n'kulowanso. Viza yololeza kulowa kamodzi kokha ikhoza kukusiyani panjira, choncho popempha viza onetsani ndandanda ya madoko ndipo mupemphe yolowera kangapo.

Ngati ulendo ukudutsa m'mayiko amene amafuna khadi la katemera wa yellow fever, khadilo liziyendera limodzi ndi pasipoti. Kuyambira mu Julayi 2016, katemera mmodzi amawerengedwa kuti ngwa moyo wonse.

Pomaliza, pangani mafotokope awiri a tsamba la pasipoti lomwe lili ndi chithunzi chanu, ndiponso a maviza onse. Jambulaninso masambawo pafoni. Fotokope ina musiyire wachibale amene angayankhe foni nthawi ina iliyonse.

Chachiwiri: tsiku lokwera, dziwani amene asunge pasipoti

Mukamakwera amakujambulani n'kukupatsani khadi la m'sitima. Kampani ya Royal Caribbean imalitchula SeaPass, ya Carnival imati Sail & Sign, ya Princess imapereka kachipangizo kozungulira kotchedwa Medallion. Mayina ngosiyana koma ntchito yake ndi imodzi: ndi kiyi wa chipinda chanu, ndi chogulira zinthu m'sitimamo, komanso ndi chizindikiro choti muli m'kati kapena kunja. Pakhomo lotsikira pamakhala mlonda ndi makina. Mukagunditsa khadi makinawo amalira, nkhope yanu n'kuoneka pakompyuta yake, iye n'kukuyang'anani kumaso kuti atsimikize. Pobwera amachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake nthawi yonyamuka ikakwana, ogwira ntchito amadziwa dzina ndi nambala ya chipinda cha aliyense amene sanabwerere.

Pa maulendo ena, makamaka a ku Asia, ku South America ndi oyenda mayiko ambiri, sitima imatolera mapasipoti a anthu n'kuwasunga kuofesi. Zimenezi zisakuchititseni mantha. Amatero kuti akuluakulu oona za olowa ndi otuluka m'dziko akakwera m'sitima m'bandakucha adinde mapasipoti onse pamodzi, inu mukugona. Akakulandani pasipoti, pemphani risiti kapena kapepala kosonyeza kuti ili m'manja mwawo, ndipo funsani nthawi yomweyo kuti mukaifuna padoko lina muzichita bwanji. Pasipotiyo ndi yanu ndipo mukhoza kuipempha, koma pemphani dzulo lake. M'mawa wotsika pa desiki yothandizira alendo pamakhala mzere wautali, komanso mwina pasipoti yanu ikhala ili patebulo la odinda.

Chachitatu: usiku uliwonse dzifunseni mafunso atatu

Madzulo alionse sitima imatulutsa pulogalamu ya tsiku lotsatira, kaya papepala loikidwa m'chipinda kaya pa app ya pafoni. Anthu ambiri amangoonamo nthawi ya chakudya ndi zisudzo. Inu yang'anani pamene alemba za doko. Ngati dziko likufuna kuti mutsike ndi pasipoti yeniyeni, amalemba pamenepo. Mukawerenga, dzifunseni izi.

Kodi lamulo la dzikoli likuti chiyani? Ku Japan mlendo amayenera kukhala ndi pasipoti kapena chilolezo chotsikira kumtunda nthawi zonse, ndipo wapolisi akhoza kumuimitsa n'kumufunsa. Ku Italy ndi ku Spain nakonso lamulo limafuna kuti mlendo athe kuonetsa chiphaso chovomerezeka apolisi akafunsa, ndipo kwa munthu wochokera kunja kwa Ulaya chiphaso chimenecho ndi pasipoti. N'zoona kuti alendo ambirimbiri amayenda m'mizinda imeneyi ndi fotokope yokha osafunsidwa kanthu. Koma kusafunsidwa sikusintha lamulo. Pamene lamulo lanena, tengani pasipoti, nkhani yathera pomwepo.

Kodi lero ndiwoloka malire? Apa ndi pamene anthu amagwira njakata, chifukwa ulendo wa tsiku limodzi suoneka ngati wopita kudziko lina. Wotsika ku Skagway ku Alaska, m'dziko la United States, n'kukwera basi yopita ku Carcross m'chigawo cha Yukon akulowa m'dziko la Canada, ndipo popanda pasipoti sakwera n'komwe. Wotsika ku Dubrovnik m'dziko la Croatia n'kupita kukaona mlatho wakale wa ku Mostar akulowa m'dziko la Bosnia ndi Herzegovina, ndipo wopita ku Kotor akulowa ku Montenegro. Dziko la Croatia linalowa m'chigawo cha Schengen pa 1 Januwale 2023, choncho malire amenewa ndi khomo lotulukira m'chigawo chonsecho ndipo amayang'ana zikalata mosamala. Fotokope siwolotsa munthu malire.

Funso lachitatu ndi limene ine ndimaliona lolemera kuposa onse: sitima itandisiya lero, ndingaipeze bwanji? Madoko ena ali kutali kwambiri ndi mizinda imene anthu amaifuna. Kuchokera padoko la Civitavecchia kukafika ku Rome ndi makilomita pafupifupi 80. Kuchokera ku Le Havre kukafika ku Paris ndi pafupifupi 200. Ngozi yapamsewu kapena sitima yapamtunda yochedwa ndi yokwanira kukudyerani maola awiri. Ndiye onani doko lotsatira. Ngati lili m'dziko lomwelo, mukhoza kulifikira pa basi kapena pa sitima yapamtunda. Ngati lili m'dziko lina kapena pachilumba, mudzafunika ndege, ndipo ndege yopita kudziko lina sikweza munthu wopanda pasipoti. Mahotela a m'mayiko ngati Italy ndi Spain nawonso amayenera kulemba chiphaso cha mlendo aliyense asanam'patse chipinda. Choncho mukamapita kutali panokha, osati pa ulendo wokonzedwa ndi sitima, ndipo mawa sitima ikhala ili m'dziko lina, pasipoti ipite nanu.

Mafunso atatuwa akapanda kukukakamizani, isiyeni. Tsiku lokasambira m'nyanja, lokwera timaboti tothamanga kapena longoyenda m'misika ya pafupi ndi doko, pasipoti ilibe chochita kumtunda. Madzi amchere amafufutitsa zidindo ndi kumatula tsamba la chithunzi, ndipo pasipoti yowonongeka akhoza kuikana pamalire ngati kuti mulibe.

Pali zinthu ziwiri zing'onozing'ono zimene zingasinthe maganizo anu. Ngati mukufuna kubwereka galimoto, ambiri obwereketsa amafuna laisensi yanu, pasipoti, ndipo m'mayiko ena chilolezo choyendetsera galimoto kunja chotchedwa International Driving Permit. Ngati mukufuna kugula katundu wodula n'kubwezeredwa msonkho, masitolo ambiri amafuna kuona pasipoti.

Chachinayi: zimene simuyenera kutsika popanda izo

Kaya pasipoti yatsala kaya yapita, khadi la m'sitima likhale nanu. Pambali pake pakhale chiphaso china cha boma chokhala ndi chithunzi chanu, monga laisensi yoyendetsera galimoto kapena chitupa cha unzika. Kuyambira mu Julayi 2004, pamene malamulo a chitetezo cha madoko otchedwa ISPS anayamba kugwira ntchito, madoko ambiri ali ndi mpanda ndi alonda awoawo, osiyana ndi a sitima. Alonda amenewa alibe kompyuta yoonetsa nkhope yanu, ndipo makhadi ambiri a m'sitima alibe chithunzi. Ndiye amafuna khadi ndi chiphaso kuti afananize dzina ndi nkhope.

Tengani fotokope ya pasipoti yapapepala, osadalira chithunzi cha pafoni chokha. Foni imatha batire, imagwera m'madzi, ndiponso ndi chinthu choyamba chimene wakuba amafuna.

Ndiyeno pali chinthu chimene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti chilipo: nambala ya foni ya ejenti wa padoko. Padoko lililonse sitima imakhala ndi kampani yakomweko yoiimira, imene imathandiza pa zikalata, odwala ndi otsalira. Dzina la ejenti, adiresi ndi nambala yake zimalembedwa pa pulogalamu ya tsikulo kapena pa mapu a doko. Lembani nambalayo papepala ndi cholembera, pamodzi ndi dzina la sitima, dzina la malo enieni amene yaima, ndi nthawi yoti onse akhale atakwera. Mizinda ikuluikulu imakhala ndi malo angapo oima sitima, ndipo kuuza woyendetsa takisi kuti "kudoko" basi kukhoza kukufikitsani kwina. Onjezanipo khadi la kubanki, ndalama pang'ono zakomweko, nambala ya inshuwalansi yanu, ndi mankhwala a masiku awiri ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku.

Chachisanu: kanyamulidwe kake

Pasipoti ikhale pathupi, m'kati mwa zovala. Pali tizikwama topyapyala tomanga m'chiuno pansi pa malaya, ndi tina tokoleka m'khosi. Musanaiike m'menemo ilowetseni m'kathumba ka pulasitiki kotseka bwino, chifukwa thukuta la tsiku lonse limanyowetsa kachikwamako mpaka chikuto cha pasipoti chimapindika ndipo masamba amamatirirana.

Musaiike m'thumba lakumbuyo la buluku, m'chikwama chakumsana, kapena m'chikwama cham'manja chimene mumachikoleka pampando mukamadya. M'malo odzaza anthu ngati msewu wa La Rambla ku Barcelona kapena m'sitima zapansi panthaka za ku Rome, opisa m'matumba amagwira ntchito awiriawiri kapena atatuatatu. Wina amaima mwadzidzidzi pakhomo anthu n'kupanikizana, wina amakufunsani njira atatambasula mapu pachifuwa panu, dzanja la mnzake lili kale pa zipi. Simumva kanthu. Chimene amafuna ndi ndalama ndi foni, koma pasipoti ikakhala m'chikwama chomwecho imapita nawo limodzi. N'chifukwa chake ndalama zogwiritsa ntchito tsikulo zizikhala kwina, kuti musamatsegule kachikwama kobisika pagulu pofuna kugula madzi akumwa. Fotokope nayonso ikhale m'thumba losiyana ndi pasipoti.

Obwereketsa njinga zamoto ndi timaboti ena amapempha kuti musiye pasipoti ngati chikole. Kanani. Perekani fotokope kapena ndalama ya chikole, ndipo akaumirira pitani kwina. Amene wagwira pasipoti yanu pamene sitima ikunyamuka pakangotha ola limodzi akhoza kukulipiritsani chilichonse chimene wafuna.

Mukamayenda monga banja, musaunjike mapasipoti onse m'chikwama cha munthu mmodzi. Wamkulu aliyense anyamule yake, a ana agawidwe kwa akuluwo, ndipo ngati mungasiyane njira, pasipoti ya mwana ikhale ndi amene ali ndi mwanayo. Kholo loyenda lokha ndi mwana likhale ndi kalata yachilolezo yochokera kwa kholo linalo, chifukwa mayiko ena amaifuna.

Chachisanu ndi chimodzi: ikatsala, itsale pamalo amodzi odziwika

M'zipinda zambiri mumakhala kabokosi kachitsulo kokhoma ndi manambala, kamene amakatchula kuti safe. Pasipoti ikhale mmenemo, poonekera. Musaibise m'sokosi, pansi pa matiresi kapena m'kati mwa sutikesi yokhoma. Chifukwa chake ndi ichi. Nthawi yonyamuka ikayandikira inu musanabwere, amaitana dzina lanu pa zokuzira mawu. Mukapanda kuyankha, m'sitima zambiri akuluakulu a chitetezo amapita kuchipinda chanu, amatsegula kabokosiko, amatenga pasipoti n'kuipereka kwa ejenti wa padoko asanachotse mlatho wokwerera. Amakhala ndi mphindi zochepa chabe. Sangayambe kufukula zovala zanu. Akatsegula n'kupeza mulibe kanthu, amaganiza kuti muli nayo, sitima n'kumapita, pasipoti yanu ili m'sokosi.

Funsani pa desiki tsiku loyamba ngati sitima yanu imachita zimenezi, chifukwa ndi chizolowezi cha makampani, si lamulo lowakakamiza.

Chachisanu ndi chiwiri: sungani nthawi ya sitima

Nthawi yoti onse akhale atakwera kawirikawiri imakhala mphindi 30 sitima isananyamuke. Pamadoko amene sitima imaima pakati pa madzi anthu n'kumatsika pa timaboti, monga ku Santorini kapena ku George Town pachilumba cha Grand Cayman, nthawi yofunika ndi ya boti lomaliza. Ku Santorini anthu amatsika kuchokera ku tauni ya Fira pa tingolo toyenda pachingwe, ndipo madzulo mzere wake umatalika kwambiri sitima zikakhala zingapo.

Sitima zina sizisintha wotchi zikafika kudera la nthawi ina, pamene foni yanu imasintha yokha. Funsani potsika ngati nthawi ya m'sitima ikufanana ndi yakumtunda, ndipo ngati zikusiyana tcherani wotchi yapamkono pa nthawi ya m'sitima. Ulendo wogula kwa kampani ya sitima ukachedwa, sitima imadikira kapena kampani imakukonzerani njira yoipezera. Woyenda payekha samudikira.

Sitima ikakusiyani

Musachoke padoko. Pitani kwa alonda a pachipata muwauze dzina la sitima, kenako imbirani ejenti. Ngati mwaona muli m'njira kuti simufika, imbani nthawi yomweyo musanafike n'komwe, chifukwa uthengawo umafika kwa akuluakulu a sitima ndipo amadziwa zoti akusiyireni pasipoti. Ejenti adzakupatsani pasipoti ngati anamusiyira, adzakuthandizani kuonana ndi oona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndi kupeza ndege kapena hotela. Ndalama zake zimachokera m'thumba mwanu, choncho sungani marisiti onse kuti mukaone ngati inshuwalansi yanu ingabweze.

Nzika za United States zimaloledwa kukwera sitima yonyamuka ndi kubwerera padoko limodzi la m'dziko lawo zili ndi kalata yakubadwa ndi chiphaso cha boma chokha. Wotsalira pachilumba cha ku Caribbean ali ndi zikalata zimenezi zokha sangakwere ndege yobwerera kwawo mpaka atapeza pasipoti kwa kazembe. Aliyense amene wauzidwa kuti ulendo wake sufuna pasipoti aganizire zimenezi, ndipo ngati angathe aitenge basi.

Pasipoti ikabedwa kapena kutayika kumtunda

Yambani mwayang'ana nthawi. Ngati nthawi ilipo, pitani kupolisi yapafupi mukapereke lipoti ndipo mutenge kalata yake yodinda, chifukwa akazembe ndi a inshuwalansi adzaifuna. M'mayiko a European Union nambala yangozi ndi 112. Dziwitsani ejenti kapena desiki ya sitima mwamsanga. Musabise poganiza kuti mungokwera mwakachetechete ndi khadi lanu. Mwina mukwera ndithu, koma vutolo likakupezani padoko lotsatira kapena tsiku lotsika, pamene nthawi yokonzera zinthu idzakhale itatha. Akuluakulu a sitima ndi amene angakuuzeni ngati mungapitirize ulendo kapena muyenera kutsala kuti mukaonane ndi kazembe.

Ofesi ya kazembe wa dziko lanu ikhoza kukupatsani chikalata choyendera chapangozi, chimene nthawi zambiri chimangokulolani kubwerera kwanu kapena kuyenda njira imene yalembedwapo. Maofesi amenewa kawirikawiri amakhala m'malikulu a mayiko, osati m'matauni ang'onoang'ono a madoko, satsegula Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mayiko ena alibe kazembe m'dziko lililonse moti amene amayang'anira dera limenelo amakhala ali m'dziko loyandikana nalo. Lembani manambala awo musananyamuke. Kumeneko fotokope ija, lipoti la apolisi ndi zithunzi zanu ziwiri zoika pa pasipoti, ngati munazisungira padera, zimafulumizitsa ntchito. Viza imene inali m'pasipoti yotayikayo yapita nayo limodzi, choncho funsani kazembe ndi ejenti za mayiko amene mudutsemo pobwerera.

Mukangonena kuti pasipoti yatayika, boma lanu limaithetsa ntchito, ndipo nambala yake imatha kulowetsedwa m'kaundula wa Interpol wa zikalata zobedwa ndi zotayika, amene anakhazikitsidwa mu 2002 ndipo apamalire m'mayiko ambiri amamugwiritsa ntchito. Choncho musanapite kupolisi fufuzani bwinobwino m'matumba onse, ndipo funsani anzanu apaulendo ngati wina sanakusungireni. Ikapezeka pambuyo poti mwanena kale, musayendere. Ipititseni ku ofesi ya kazembe kapena kumene amapereka mapasipoti kwanu.